Kapezedwe ka rezisitansi ndi mawati mukadziwa voteji ndi karenti

Funso ili landifika kambirimbiri, moti ndaona kuti ndi bwino ndilembe yankho lake kamodzi n'kamodzi. Ena amafunsa mayeso atayandikira. Ena ndi amene rezisita yawo (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa pa waya) yapsa kachiwiri ndipo sakudziwa chikuyiotcha n'chiyani. Enanso agula batire ndi mababu, koma mtima suli m'malo chifukwa akangoyatsa waya akufunda. Onsewa funso lawo ndi limodzi: voteji ndikuyidziwa, karenti ndikuyidziwa, nanga rezisitansi ndi mawati ndizipeza bwanji?

Masamu ake si ovuta. Pali kugawa kumodzi ndi kuchulukitsa kumodzi, basi. Pamene anthu amaphonya ndi posankha manambala oti agawewo. Amatenga voteji ya chinthu china n'kuyigawa ndi karenti ya chinthu chinanso, ndipo yankho limatuluka looneka bwino koma lili labodza. N'chifukwa chake pa gawo 4 ndikhalitsapo, ndipo ndikupemphani kuti musalidumphe.

Poyamba tigwirizane pa zinthu zinayi zimene tikambe. Voteji ndi kukankha kumene kumachititsa kuti magetsi ayende. Imakhala pakati pa malo awiri nthawi zonse, ndipo timayiyeza m'mavoti, chizindikiro chake V. Karenti ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa pa waya pa sekondi iliyonse. Timayiyeza m'maampu, chizindikiro chake A, koma mu fomula imalembedwa ndi chilembo I. Rezisitansi ndi mmene chinthu chikukanizira magetsi kudutsa mwa icho, chilembo chake R, ndipo timayiyeza m'ma-ohm, chizindikiro chake Ω. Chachinayi ndi mphamvu imene chinthucho chikudya pa sekondi iliyonse n'kuisandutsa kutentha, kuwala kapena kuzungulira. Chilembo chake ndi P, ndipo timayiyeza m'mawati, W. M'malangizo ano ndikati mphamvu ndikunena mawatiwa, osati voteji.

Lamulo lomanga zitatu zoyambazo linafalitsidwa mu 1827 ndi Georg Simon Ohm, mphunzitsi wa masamu ndi sayansi wa ku Germany, ndipo mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake.

1. Lembani zimene muli nazo, ndipo zonse zikhale m'mavoti ndi m'maampu

Musawerengetsere m'mutu. Tengani pepala mulembe V = chakuti, I = chakuti, ndipo pambali pa nambala iliyonse mulembe muyeso wake. Nambala yopanda muyeso ndi imene imapha zipangizo.

Zipangizo zing'onozing'ono zimalembedwa karenti yake mu mA, ndiye kuti mamiliampu. Ampu imodzi ili ndi mamiliampu 1000, choncho kuti mA isanduke A, igaweni ndi 1000. Kunena kwina, kadontho kabwerere kumanzere malo atatu:

20 mA = 0.02 A
250 mA = 0.25 A
1500 mA = 1.5 A

Ambiri amalemba 20 mA ngati 0.2 A, kuiwala ziro mmodzi, ndipo yankho lonse limasokonekera kakhumi. Mbali ya rezisitansi nayo ili ndi zake: 1 kΩ ndi ma-ohm 1000, ndipo 1 MΩ ndi ma-ohm 1,000,000. Samalani ndi m wamng'ono ndi M wamkulu, chifukwa woyambayo amagawa ndi 1000 pamene winayo amachulukitsa ndi miliyoni.

Pali nambala ina imene imanamiza anthu ambiri. Pa batire pamalembedwa Ah kapena mAh, monga 100 Ah kapena 3000 mAh. Imeneyo si karenti. Ikunena za kuchuluka kwa magetsi amene batirelo lingasunge, ndipo ilibe malo mu fomula zimene tigwiritse ntchito pano.

2. Pezani rezisitansi: gawani voteji ndi karenti

R = V ÷ I

Chipangizo chotenthetsera chalumikizidwa ku 12 V ndipo mwa icho mukudutsa 3 A. Rezisitansi yake ndi 12 ÷ 3 = 4 Ω.

Chitsanzo china: rezisita ili ndi 9 V pakati pa miyendo yake iwiri, ndipo ikudutsa 30 mA. Sinthani kaye, 30 mA ndi 0.03 A. Kenako 9 ÷ 0.03 = 300 Ω. Amene waiwala kusintha apeza 0.3 Ω, yomwe ndi rezisitansi ya waya wamba, osati ya rezisita yotere.

Ngati mwaiwala kuti pamwamba pamakhala chiti, ganizani motere. Voteji ikakhala yomweyo, chinthu chokaniza kwambiri chimalola karenti yochepa. Ndiye karenti ikachepa yankho liyenera kukula, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha karentiyo ikhale pansi, yogawira. Fomula yomweyi mukaitembenuza imakupatsani zinazo: I = V ÷ R, komanso V = I × R.

3. Pezani mphamvu: chulukitsani voteji ndi karenti

P = V × I

Chotenthetsera chija chikudya 12 × 3 = 36 W. Rezisita ija ikudya 9 × 0.03 = 0.27 W, ndipo mawati onsewo akusanduka kutentha m'kathupi kake kakang'onoko.

Nthawi zina mumakhala mulibe voteji koma muli ndi karenti ndi rezisitansi, kapena mulibe karenti. Pamenepo pali njira ziwiri zochokera m'fomula zomwezi:

P = I² × R
P = V² ÷ R

Ka 2 kapamwambako kakutanthauza kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe, osati kuchulukitsa ndi 2. Choncho 3² ndi 9, osati 6. Yesani pa chotenthetsera chija: 9 × 4 = 36 W, ndipo 144 ÷ 4 = 36 W. Njira zitatu zonse ziyenera kufika pa yankho limodzi, ndipo zikasiyana dziwani kuti penapake mwaphonya. Ine ndimalimbikitsa kuti muziwerengetsera ndi njira ziwiri nthawi zonse, chifukwa sizitenga nthawi.

Ka 2 aka kali ndi phunziro lalikulu. Mukawirikiza voteji kawiri, mphamvu siwirikiza kawiri ayi, imawirikiza kanayi, chifukwa karenti nayo yawirikiza. Tiyerekeze ayironi ya 1000 W yopangidwira magetsi a 120 V, monga a ku United States. Rezisitansi yake ndi 120² ÷ 1000 = 14.4 Ω. Mukayilowetsa pa soketi ya 230 V, rezisitansiyo ndi yomweyo, koma mphamvu ifika 230² ÷ 14.4, pafupifupi 3670 W. Palibe ayironi imene ingapirire zimenezo.

Mungabwererenso chammbuyo kuchokera pa zolembedwa pa chipangizo. Ketulo yolembedwa 2000 W, 230 V imakoka 2000 ÷ 230, pafupifupi 8.7 A, ndipo rezisitansi yake ikamagwira ntchito ndi 230 ÷ 8.7, pafupifupi 26 Ω. Mawati akachulukitsidwa ndi maola ndiye mumapeza mayunitsi amene mita ya magetsi imawerenga: ketulo yomweyo ikayaka theka la ola yadya 1000 Wh, yomwe ndi 1 kWh, yunitsi imodzi.

4. Onetsetsani kuti voteji ndi karenti ndi za chinthu chimodzi, pa nthawi imodzi

Apa ndi pamene pagona nkhani. V imene mukuika mu fomula iyenera kukhala voteji ya pakati pa miyendo iwiri ya chinthu chimene mukuchifunsacho. I nayo iyenera kukhala karenti yodutsa mwa chinthu chomwecho. Si voteji ya batire, si karenti ya seketi yonse (njira yonse imene magetsi amazungulira kuchoka ku batire n'kubwerera), pokhapokha ngati chinthucho chili chokha pa batirelo. Musanalembe nambala iliyonse, lozani ndi chala chinthu chimodzi pa seketi ndipo mudzifunse: kodi nambala iyi ndi ya ichi?

Tiyambe ndi vuto limene limabwera kawirikawiri kuposa onse. Muli ndi batire la 12 V ndipo mukufuna kuyatsa LED yofiira, kababu kakang'ono ka miyendo iwiri, pa 20 mA. Mukufuna rezisita yanji? Wofulumira amalemba 12 ÷ 0.02 = 600 Ω. Koma rezisitayo siili yokha, ikugawana 12 V ija ndi LED. LED yofiira imatenga pafupifupi 2 V, choncho yotsalira rezisita ndi 12 − 2 = 10 V. Yankho lenileni ndi 10 ÷ 0.02 = 500 Ω. Pa LED imodzi kusiyanaku n'kochepa, LED idzangowala mofookerapo. Koma ikani ma-LED oyera atatu mondondozana, iliyonse ikutenga pafupifupi 3 V. Onse pamodzi atenga 9 V, rezisita itsala ndi 3 V yokha, ndipo ifunika kukhala 3 ÷ 0.02 = 150 Ω. Amene waika 600 Ω pamenepa apereka karenti ya cha m'ma 5 mA, n'kumadabwa kuti ma-LED ake bwanji akungothwanima ngati batire latha.

Zinthu zikalumikizidwa mondondozana, chimodzi kutsogolo kwa chinzake pa njira imodzi, amisiri amati zili mu series. Pamenepo karenti ndi imodzi kwa zonse, koma voteji zimagawana. Tengani rezisita ya 100 Ω ndi ya 200 Ω mondondozana pa 12 V. Zonse pamodzi ndi 300 Ω, ndiye karenti ndi 12 ÷ 300 = 0.04 A. Ya 100 Ω ili ndi 0.04 × 100 = 4 V, ya 200 Ω ili ndi 8 V, ndipo 4 ndi 8 zikukwana 12 ija. Mphamvu ya yoyamba ndi 4 × 0.04 = 0.16 W, ya yachiwiri 8 × 0.04 = 0.32 W. Tsono taonani chimene chimachitika munthu akathamangira P = V² ÷ R n'kuikamo voteji ya batire: 144 ÷ 100 = 1.44 W. Yankholi laposa lenileni ka 9, ndipo palibe chimene chingamuchenjeze, chifukwa masamuwo pawokha ndi olondola. Cholakwika ndi 12 amene waikidwa pamalo pa 4.

Zinthu zikalumikizidwa moti chilichonse miyendo yake iwiri ikugwira mawaya awiri omwewo, amati zili mu parallel. Apa zinthu zimatembenuka: voteji ndi imodzi kwa zonse, koma karenti zimagawana. Tiyerekeze mababu awiri a galimoto, la 21 W ndi la 5 W, onse pa 12 V. Lalikulu likukoka 21 ÷ 12 = 1.75 A, laling'ono pafupifupi 0.42 A. Mukayeza karenti pa waya wochoka ku batire mupeza pafupifupi 2.17 A, ndipo 12 ÷ 2.17 ikupatsani cha m'ma 5.5 Ω. Nambalayi ndi yoona, koma si ya babu lililonse mwa awiriwa. Lalikulu lili ndi pafupifupi 6.9 Ω, laling'ono 28.8 Ω, ndipo 5.5 Ω ndi ya onse awiri pamodzi monga mmene batire likuwaonera. Onani kuti ndi yocheperapo kuposa yaing'ono mwa ziwirizo. Mu parallel zimakhala choncho nthawi zonse, chifukwa chinthu chilichonse chowonjezera chimatsegulira magetsi njira ina.

Mungathe kuwerengetsera za seketi yonse, palibe choletsa. Voteji ya batire ndi karenti yochoka ku batire zimapereka rezisitansi ndi mawati a seketi yonse. Choletsedwa ndi kusakaniza, kutenga chimodzi kuno china uko.

Tsopano za nthawi. Batire la galimoto lodzaza bwino, likakhala lisakugwira ntchito, limaonetsa cha m'ma 12.6 V. Mukaliyatsira katundu wolemera voteji imatsika, chifukwa batire nalo lili ndi rezisitansi yake m'kati, ndipo mawaya nawo amadyako. Mukayeza voteji switchi ili yozimitsa, kenako n'kuyeza karenti switchi ili yoyatsa, mwatenga manambala a nthawi ziwiri zosiyana. Yezani voteji chipangizo chili chiyakire, ndipo muyezere pa miyendo ya chipangizocho, osati pa mitu ya batire. Pa seketi ya mawaya ataliatali kusiyana kwa malo awiriwa kumatha kuposa voti yathunthu.

Chomaliza pa gawo lino ndi zolembedwa pa tchaja ndi ma-adapta. Tchaja yolembedwa 5 V 2 A sikunena kuti nthawi zonse imatulutsa 2 A. Ikunena kuti ingathe kupereka mpaka 2 A osapsa. Karenti yeniyeni imasankhidwa ndi chinthu chimene mwalumikiza. Mukalumikiza rezisita ya 100 Ω, idutsa 0.05 A yokha, ndipo mphamvu ndi 0.25 W, osati 10 W. Choncho 2 A ija musayiike mu fomula ngati kuti mwayiyeza. Ntchito yake ndi yoti muyerekeze nayo yankho lanu: ngati mwapeza kuti chipangizo chikufuna 3 A, tchajayo yachepa.

5. Yezani moyenera

Manambala abwino amachokera pa multimeter, mita yoyezera voteji, karenti ndi rezisitansi, koma voteji ndi karenti siziyezedwa mofanana.

Poyeza voteji simudula chilichonse. Waya wakuda wa mita alowe m'bowo la COM, wofiira m'bowo la V, musankhe DC (magetsi oyenda mbali imodzi) ngati ndi batire kapena sola ndi AC (magetsi osinthasintha mbali) ngati ndi magetsi a pa soketi, kenako mugunditse nsonga ziwirizo pa miyendo iwiri ya chinthucho.

Poyeza karenti ndiye muyenera kudula njira. Zili ngati mita ya madzi, imene singawerenge kanthu itangotsamira paipi, mpaka paipiyo idulidwe madzi onse azidutsa m'kati mwake. Zimitsani, masulani waya mmodzi, lumikizani mita pakati pa mbali ziwiri zomasulidwazo, ndipo waya wofiira mumusamutsire ku bowo la A kapena la mA. Ngati simukudziwa kukula kwa karenti, yambirani ku bowo lalikulu, limene pa mamita ambiri limalembedwa 10 A. Pafupi ndi bowolo nthawi zambiri pamalembedwa masekondi amene mita ingapirire karenti yaikulu, ndipo muziwalemekeza.

Chenjezo ili ndi lofunika kuposa ena onse a pa mita. Waya wofiira akakhala m'bowo la A, mita yanu yasanduka ngati waya wamba, rezisitansi yake ili pafupi ndi ziro. Mukaigunditsa pa mitu iwiri ya batire kapena m'mabowo a soketi muli choncho, mwapanga shoti. Zikayenda bwino ipsa fyuzi ya m'kati mwa mita. Pa batire lalikulu kapena pa soketi, makamaka ndi mita yotchipa yopanda fyuzi ku bowo la 10 A, mawaya amatha kusungunuka muli chigwirire. Palibe chinthu chotchedwa kuyeza maampu a batire mwa kugunditsa mitu yake. Mukangomaliza kuyeza karenti, bwezerani waya wofiira ku bowo la V nthawi yomweyo, musanaike mita pansi.

Pali njira ina yopezera karenti osadula waya, ndipo ndimayikonda chifukwa ndi lamulo la Ohm lomweli likugwira ntchito. Ngati pa njirayo pali rezisita imene mukuidziwa kukula kwake, yezani voteji pa miyendo yake n'kugawa. Rezisita ya 470 Ω yokhala ndi 7 V ikudutsa 7 ÷ 470, pafupifupi 0.015 A, ndiye kuti 15 mA. Amene ali ndi mita yopana waya, ija amati clamp meter, akumbukire kupana waya mmodzi yekha. Mukapana chingwe chonse, karenti yopita ndi yobwerera zimafafanizana ndipo mita ionetsa ziro. Komanso mamita ambiri otchipa a mtundu umenewu amayeza karenti ya AC yokha.

Rezisitansi mungathenso kuiyeza mwachindunji pa Ω, koma magetsi akhale ozimitsa, ndipo mwendo umodzi wa chinthucho ukhale womasula, apo ayi mita iwerengera pamodzi ndi zina zonse zolumikizana nacho. Musagwire nsonga zonse ziwiri ndi zala poyeza marezisita akuluakulu, chifukwa thupi lanu nalo limadutsa magetsi ndipo litsitsa nambala.

Za magetsi a pa soketi ndinene mosabisa: amapha. Karenti ya mamiliampu makumi ochepa chabe ikadutsa pachifuwa ingathe kuimitsa mtima, n'chifukwa chake zotetezera anthu zimene zimaikidwa m'bokosi la magetsi la m'nyumba zambiri zimathimitsa pa 30 mA. Ngati mukuphunzira kumene, phunzirirani pa batire la 9 V kapena 12 V. Za chipangizo cha pa soketi werengetserani kuchokera pa zolembedwa pa icho, monga tachitira ndi ketulo ija, ndipo kumasula mawaya amoyo musiyire amene anaphunzira ntchitoyo.

6. Dziwani zinthu zimene rezisitansi yake siikhazikika

R = V ÷ I imapereka yankho nthawi zonse, koma pa zinthu zina yankholo limakhala la nthawi yokhayo imene mwayeza.

Babu lakale lija la kawaya koyaka m'kati ndi chitsanzo chabwino. La 60 W pa 230 V limakoka pafupifupi 0.26 A, ndiye rezisitansi yake likuyaka ndi cha m'ma 880 Ω. Lizimitseni, lizizire, muliyeze ndi mita: mupeza ma-ohm makumi angapo okha, kuchepera kakhumi kapena kuposa. Mita siyolakwa ndipo masamu sanalakwe. Kawaya ka tungsten kakatentha kufika madigiri oposa 2000, rezisitansi yake imakwera kwambiri. N'chifukwa chake mababu amenewa amakonda kupsa pa nthawi yoyatsa, pamene kawayako kali kozizira ndipo karenti ikulowa yambiri.

LED ndi ma-diode ena (tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) satsata lamulo la Ohm n'komwe. Voteji ikakhala yochepa sadutsa pafupifupi kanthu, ikangopitirira pang'ono malire ake karenti imalumpha. Musawerengetsere "rezisitansi ya LED" kuti muigwiritse ntchito pa voteji ina. Chitani monga tachitira pa gawo 4: chotsani voteji yake, yotsalayo muiwerengetsere pa rezisita. Koma P = V × I imagwirabe: LED ya 2 V pa 0.02 A ikudya 0.04 W.

Mota nayo ili ndi khalidwe lake. Ikamazungulira imadzipangira voteji yotsutsana ndi imene ikulowa, ndipo zimenezi zimachepetsa karenti. Pa nthawi yoyamba kuzungulira, kapena ikagwidwa kuti isazungulire, imakoka karenti yochuluka kangapo kuposa ya nthawi zonse. Mukasankha fyuzi kapena invata potengera karenti ya mota yomwe ikuzungulira kale, mudzadabwa ikuthima nthawi iliyonse pampu kapena firiji ikadzuka.

Pa AC pali zinthu ziwiri zofunika kudziwa. Choyamba, 230 V imene timatchula ndi nambala yotchedwa RMS, ndiye kuti voteji ya AC imene imatenthetsa mofanana ndi DC ya kukula komweko. Nsonga yake yeniyeni imafika cha m'ma 325 V. Mita yanu imaonetsa RMS, ndipo pa ketulo, ayironi, mbaula yamagetsi ndi zina zongotenthetsa, fomula zonse zapamwambazi zimagwira monga zilili. Chachiwiri, pa mota, thiransifoma ndi zipangizo zambiri zamakono, V × I sipereka mawati enieni. Imapereka VA, ndipo kuti mupeze mawati muyenera kuchulukitsanso ndi nambala yotchedwa power factor, imene siposa 1. Mota ya 230 V yokoka 2 A, power factor yake 0.8, ili ndi 460 VA koma ikudya 460 × 0.8 = 368 W. Waya ndi fyuzi zimasenza 2 A yonseyo, choncho posankha zimenezi tsatani maampu, osati mawati. Ndipo 230 ÷ 2 pa mota yotere si rezisitansi ya mawaya ake a m'kati, musayerekeze ndi imene mita ikuonetsa pa Ω.

7. Gwiritsani ntchito mawati aja: sankhani rezisita ndi waya wopirira kutentha

Ambiri akapeza ma-ohm amaona ngati amaliza, n'kuiwala kuti rezisita ili ndi manambala awiri. Ina ndi ma-ohm, ina ndi mawati amene ingapirire. Timarezisita tofala tija tamizeremizere nthawi zambiri timakhala ta 0.25 W, ndipo palinso ta 0.5 W, 1 W, 2 W, 5 W ndi kupitirira. Bwererani ku LED yofiira ija. Rezisita yake inali ndi 10 V ndi 0.02 A, ndiye ikudya 0.2 W. Ya 0.25 W ingagwire, koma ikhala ikutentha pafupi ndi malire ake. Chizolowezi chabwino ndi kusankha yopirira kuwirikiza kawiri zimene mwapeza, ndiye apa tengani ya 0.5 W. Ya 500 Ω yeniyeni simudzaipeza kawirikawiri, chifukwa marezisita amapangidwa m'manambala okhazikika monga 470, 510 ndi 560. Pa LED tengani yokulirapo pang'ono, 510 kapena 560.

Waya nayenso ndi rezisita, ngakhale sitimutchula choncho. Waya wa kopa wonenepa 2.5 mm² ali ndi pafupifupi 0.007 Ω pa mita iliyonse ya kutalika kwake. Chipangizo chikakhala pa mtunda wa mamita 10 kuchokera pa batire, magetsi amayenda mamita 20, kupita ndi kubwerera, ndiye rezisitansi ndi cha m'ma 0.14 Ω. Kubwererako ambiri amakuiwala. Tsono chipangizocho chikhale cha 120 W. Pa 12 V chikoka 10 A, waya adya 10 × 0.14 = 1.4 V, ndipo 10² × 0.14 = 14 W itayika ngati kutentha. Chipangizo chilandira cha m'ma 10.6 V m'malo mwa 12 V. Mawati 120 omwewo pa 230 V amangofuna 0.52 A, ndipo waya yemweyo ataya zosakwana 0.04 W. Ichi n'chifukwa chake waya amene amagwira bwino ntchito m'nyumba ya 230 V amachepa pa sola ya 12 V, ndipo n'chifukwa chakenso magetsi oyenda mitunda italiitali amakwezedwa voteji kufika mavoti zikwizikwi.

Samaliraninso polumikizira. Mawaya ongopotedwa ndi manja, bawuti yosamangitsa kapena mutu wa batire wadzimbiri zimawonjezera rezisitansi pa kamalo kakang'ono kwambiri. Ikangofika 0.3 Ω pa karenti ya 10 A, ndiye kuti 30 W ikutentha pa malo osaposa chala, ndipo fyuzi siidzapsa, chifukwa karenti sinakwere. Kuti mupeze polumikizira potere, yatsani chipangizo cha pa batirecho, ikani mita pa V, mugunditse nsonga imodzi mbali ino ya polumikizira ndi ina mbali inayo. Polumikizira pabwino pamaonetsa pafupifupi ziro. Mukaona theka la voti kapena kuposa, chulukitsani ndi karenti kuti mudziwe mawati amene akutenthera pamenepo, kenako zimitsani, masulani, palani mpaka chitsulo chiwale, ndipo mumange mwamphamvu.